Kuyeza, Kuyesa ndi Kuyerekeza: Mawu Amene Kafukufuku Amayendera

Liwu loti kafukufuku limasenza katundu wambiri m'Chichewa, pakuti wapolisi wolondola mbava, mtolankhani wofufuza za katangale, wophunzira wa ku yunivesite amene akulemba pepala lake lomaliza ndiponso dokotala amene akuyesa katemera watsopano, onse amanenedwa kuti akuchita kafukufuku. Kwa anthu a sayansi liwuli ndi lopapatiza kuposa pamenepa, chifukwa limatanthauza kufunafuna yankho la funso motsata ndondomeko yolembedwa ntchito isanayambe, kotero kuti munthu wina, ngakhale wosagwirizana ndi wofufuzayo, angathe kubwereza ntchitoyo ndi kuona ngati angapeze zofanana. Mawu ambiri amene ndondomekoyi imafuna alipo kale m'chinenerochi, ndipo anachokera kumsika, kumunda ndi kubwalo la milandu, koma lililonse limabwera ndi tanthauzo lake lakale, limene nthawi zina limakokera womva kutali ndi chimene wofufuza akunena.

Kusiyana koyamba kuli pakati pa kalembera ndi kafukufuku wa gulu loimira. Kalembera amawerenga aliyense, monga anachitira wa 2018 amene anapeza anthu 17,563,749 m'Malawi, ndipo chifukwa cha kukwera mtengo kwake amachitika pafupifupi kamodzi pa zaka khumi. Pakati pa zakazo ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imadalira akafukufuku amene amafunsa mabanja osankhidwa okha, monga kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo amene anachitika koyamba mu 1992. Omasulira ena amatcha gulu losankhidwalo chitsanzo, koma liwuli limasocheretsa, popeza m'Chichewa chitsanzo ndi chinthu chopambana chimene ena ayenera kutengera, monga munda wachitsanzo umene mlangizi amausamalira kuposa minda yonse ya m'mudzi. Gulu loimira siliyenera kupambana, liyenera kufanana ndi anthu onse, olemera ndi osauka, okhala pafupi ndi msewu ndi okhala kuseri kwa phiri. Wogula chimanga amadziwa mfundoyi bwino, ndicho chifukwa chake sakhutira ndi njere zapamwamba pa thumba zimene wogulitsa wamuonetsa, koma amapisa dzanja mpaka pakati kuti aone ngati anankafumbwe sanafikemo.

Pali mawu awiri amene amasiyana ndi lemba limodzi lokha, kuyeza ndi kuyesa, ndipo pakati pa awiriwa ndi pamene pagona mbali yaikulu ya sayansi. Kuyeza ndiko kupereka nambala ku chinthu pogwiritsa ntchito muyeso umene onse agwirizana, monga sikelo ya ana kuchipatala kapena chipangizo choyezera mvula. Vuto limabwera pamene chinthu choyezedwacho chilibe sikelo yake. M'mayankhulidwe a tsiku ndi tsiku, malungo ndi kutentha thupi kulikonse, kuphwanya m'thupi kapena kuzizidwa, pamene wofufuza sangawerenge munthu kuti ali ndi malungo pokhapokha tizilombo ta Plasmodium titapezeka m'magazi ake pamodzi ndi zizindikiro zimene zinatchulidwa m'ndondomeko. Chimodzimodzinso ndi kukomoka, kumene mayi angakufotokoze mosiyana ndi namwino. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, amene ankasamalira ana odwala malungo a muubongo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anafalitsa muyeso umene lero umadziwika padziko lonse ndi dzina loti Blantyre Coma Score. Muyesowu umaona mmene mwana akuyendetsera maso, mmene akulirira kapena kuyankhulira ndi mmene akusunthira thupi akamva kupweteka, kenako umapereka nambala yochokera pa 0 kufika pa 5, kotero kuti dokotala wa ku Blantyre ndi wa ku Kenya akanena kuti mwana ali pa 2, amakhala akunena chinthu chimodzi.

M'sayansi ya zachilengedwe liwu lovuta ndi mtundu, limene limatchula fuko la anthu, maonekedwe a nsalu, mbewu ya chimanga ndiponso gulu la zamoyo zimene zimaberekana zokhazokha. Chimene msodzi amachitcha chambo, akatswiri a nsomba amachigawa m'mitundu ingapo ya gulu la Oreochromis, ndipo dzina limodzi loti mbuna limaphimba mitundu mazanamazana ya tinsomba ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Msodzi salakwa, chifukwa dzina lake limakwanira pa malonda ndi pa mphika, koma wowerenga nsomba kuti adziwe mtundu umene ukutha sangagwire ntchito ndi dzina lotakata chotero.

Kuyesa ndi nkhani ina, chifukwa apa wofufuza sangoyang'ana, koma amasintha chinthu mwadala kuti aone chotsatira. Liwuli lili ndi mbiri yosakoma m'makutu a anthu ambiri, popeza Satana amayesa, ndipo munthu akadandaula kuti akutiyesera mankhwala amatanthauza kuti akutengedwa ngati chiweto. Komabe kuyesa kwa sayansi kulibe phindu popanda liwu lachitatu, kuyerekeza. Odwala ambiri amachira okha, ndipo mbewu imabereka bwino chaka cha mvula yabwino ngakhale feteleza wake akhale wachabe, choncho kuchira kwa amene anamwa mankhwala si umboni mpaka atayerekezedwa ndi anthu ofanana nawo amene sanamwe. Anthu amenewa ndiwo gulu loyerekezera. James Lind anachita zofanana ndi zimenezi mu 1747 pamene anagawa amalinyero 12 odwala matenda otupitsa nkhama m'magulu a awiriawiri, ndipo anapeza kuti amene anadya malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga. Chimene Lind analibe ndi njira yogawira anthu mopanda tsankho, ndipo njirayo inakhwimira m'minda osati m'zipatala, pamene Ronald Fisher, wogwira ntchito ku Rothamsted ku England m'zaka za m'ma 1920, anaonetsa kuti ndime za m'munda woyeserera ziyenera kulandira mbewu kapena feteleza mwa maere, kuti chonde cha mbali imodzi ya munda chisanamizire ubwino wa mbewu. Ndime zazing'ono zokhala ndi zikwangwani zimene zimaoneka ku malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ndi Bvumbwe zimatsata ganizo lomweli, ndipo azachipatala analitengera mu kafukufuku wa mankhwala a streptomycin pa chifuwa chachikulu amene anafalitsidwa ku Britain mu 1948.

Liwu loti maere ndi limodzi mwa mawu amene Chichewa chinapereka bwino, chifukwa aliyense amadziwa kuti pochita maere palibe mfumu kapena mbale amene angakondere. Limaposa liwu loti mwamwayi limene mafomu ena amagwiritsa ntchito, popeza mwayi umamveka ngati mphatso, ndipo kholo likauzidwa kuti mwana wake wasankhidwa mwamwayi limaganiza kuti iye ndiye walandira mankhwala enieni. Kafukufuku wa katemera wa taifodi amene anayamba ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre mu 2018 amaonetsa mmene zonsezi zimalumikizirana. Ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 anagawidwa mwa maere m'magulu awiri, lina linalandira katemera wa taifodi ndipo lina linalandira katemera wa matenda oumitsa khosi, kotero kuti gulu loyerekezera silinabwerere chimanjamanja. Makolo sanadziwe gulu la mwana wawo, ngakhalenso madokotala oyeza ana odwala sanadziwe, ndipo kubisa kwa mbali zonse kumeneku kumateteza zotsatira ku chiyembekezo cha munthu, chifukwa dokotala wokhulupirira katemera angathe, mosazindikira, kuchepetsa matenda a mwana amene akudziwa kuti anabayidwa. M'kafukufuku wina gulu loyerekezera limapatsidwa placebo, amene ndi piritsi kapena jakisoni wooneka ngati mankhwala koma wopanda mphamvu yochiza, ndipo kumutcha mankhwala onama, monga ena amachitira, kumabweretsa ganizo la chinyengo pa chinthu chimene wotenga mbali anauzidwa poyera asanavomere.

Zotsatira zoyamba za ku Blantyre, zimene zinafalitsidwa mu 2021, zinaonetsa kuti ana 12 a gulu la katemera wa taifodi anapezeka ndi matendawa m'magazi, pamene a gulu loyerekezera anali 62, ndipo apa ndi pamene panachokera mawu oti katemerayu amateteza pafupifupi 80 peresenti. Nambalayi sitanthauza kuti ana 20 mwa ana 100 obayidwa adzadwala, koma kuti pa matenda 100 alionse amene akanagwa popanda katemera, pafupifupi 80 amapewedwa. Kusamvetsa mfundoyi kungachititse munthu kunyoza katemera wa malungo wa RTS,S, amene pa kafukufuku wa 2009 mpaka 2014 m'maiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo malo a ku Lilongwe, anachepetsa malungo ndi 36 peresenti mwa ana amene anayamba kubayidwa ali ndi miyezi 5 mpaka 17 ndi kulandira jakisoni kanayi. Pa matenda amene amagwira mwana mmodzi kangapo pachaka, gawo limeneli ndi ana ambiri amene sagonekedwa m'chipatala, ndipo Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu pa 23 Epulo 2019. Zotsatira zosakondweretsa nazonso ndi zotsatira, monga zinaonekera ku Karonga, kumene kafukufuku wotsatira anthu kwa zaka zambiri, amene anayambira ku Chilumba mu 1979, anapeza kuti katemera wa BCG ankateteza ku khate koma osati ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo.

Sayansi ya chikhalidwe cha anthu imalimbana kwambiri ndi kusiyanitsa zinthu zoyendera limodzi ndi zinthu zochititsana. Atsikana okhalitsa pasukulu amakwatiwa mochedwa, koma izi zokha sizinena ngati sukulu ndiyo imachedwetsa ukwati, kapena mabanja opezako bwino ndiwo amakwanitsa zonse ziwiri. Pofuna kumasula mfundoyi, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anagawa madera a boma la Zomba mwa maere, ndipo mu 2008 ndi 2009 atsikana ena osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ankalandira ndalama pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse, pamene ena sanalandire. Ndalama za lamulo zinasunga atsikana ambiri pasukulu, koma ndalama zopanda lamulo ndizo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, makamaka mwa amene anasiya sukulu, yankho limene mafunso a pakhomo okha sakanalipeza.

Liwu lolemera kuposa onse ndi chilolezo. M'moyo wamba chilolezo chimachokera kumwamba, kwa mfumu, kwa mwamuna wa pabanja kapena kwa bwana, pamene malamulo a kafukufuku, kuyambira pa Nuremberg Code ya 1947 ndi Declaration of Helsinki ya 1964, amafuna kuti wotenga mbali mwiniwake avomere atamvetsa, ali ndi ufulu wokana kapena kusiya nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo chake cha kuchipatala. Makomiti monga a NHSRC amaunika ndondomeko kafukufuku wa zaumoyo asanayambe m'Malawi, ndipo amaonanso fomu yomasuliridwa m'chinenero cha anthuwo. Wofufuza wanzeru amayamba ndithu kwa mfumu, pakuti mlendo salowa m'mudzi osalonjera, koma kuvomera kwa mfumu kumangotsegula njira, sikusainira munthu aliyense. Mbali ya fomu yonena za magazi ndiyo imafuna mawu osamalitsa, popeza mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu mu 2017 m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo ogwira ntchito ena anayamba achoka m'maderawo. Chifukwa cha ichi mafomu ambiri satchula mamililita okha, koma amanena kuti magazi otengedwa adzakhala okwana supuni yaing'ono imodzi, amatchula kumene adzasungidwe ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kwa munthu wosadziwa kulemba amawerengedwa mokweza pamaso pa mboni imene si ya m'gulu la ofufuza, iye asanadinde chala chake papepala.