Mbiri ya ntchito yochotsa mwaye pa mavalavu a injini

Kuchotsa mwaye mu injini ya galimoto kunali ntchito ya nthawi ndi nthawi m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Petulo ndi oyilo wa masiku amenewo ankasiya mwaye wouma gwa pamwamba pa mapisitoni ndi pa mavalavu, moti injini inkayamba kugogoda, kutentha ndi kufooka pokwera chitunda. Ford Model T ya mu 1908 inapepuza ntchitoyi chifukwa silinda hedi yake inali yochotseka. Makaniko ankamasula hedi, kupala mwayewo, kenako n'kupaka phala lokhakhala m'mbali mwa valavu iliyonse n'kumaizunguza ndi kamtengo pakati pa zikhatho, monga ankachitira makolo popekesa moto, mpaka itakhazikika bwino pamalo pake. Unali luso la dzanja ndi diso, ndipo ku Britain eni magalimoto ambiri ankadzichitira okha pakhomo.

Chimodzi mwa zimene zinachepetsa ntchitoyi ndi mankhwala. Kuyambira m'ma 1950 makampani a mafuta ku America anayamba kuthira mu petulo mankhwala otsuka kabuleta. Majekita opopera petulo m'njira ya mpweya atafala m'ma 1980, mafutawo ankagwera kumbuyo kwa valavu yolowetsa mpweya asanalowe mu silinda, choncho petulo wa mankhwala abwino ankaitsuka galimoto ikuyenda. Kuyambira mu 1995 lamulo la dziko la United States linakakamiza kuti petulo yense akhale ndi mankhwalawa, ndipo mu 2004 makampani a BMW, General Motors, Honda ndi Toyota anakhazikitsa muyezo wokhwimirapo wotchedwa Top Tier.

Vuto linabweranso ndi injini zopopera petulo mwachindunji mkati mwa silinda. Mercedes-Benz 300 SL inali nayo njirayi kale mu 1954, koma inafika kwa anthu ambiri Mitsubishi atatulutsa injini ya GDI mu 1996, ena monga Volkswagen n'kutsatira. Injini zoterezi zimasunga mafuta komanso zimakoka bwino, koma petulo sakhudzanso msana wa valavu. Nthunzi ya oyilo yochokera pansi pa injini ndi utsi wobwezeredwa mkati zimamatirira pa chitsulo chotenthacho n'kupsa, mwaye n'kumakula mpaka njira ya mpweya itachepa. Injini imanjenjemera galimoto ikaima ili yoliza, makamaka m'mawa isanatenthe. Apa mankhwala othira mu thanki sathandiza, pakuti safika pamene pali vuto, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amawonongabe ndalama pa mankhwalawo.

Amakaniko anabwerera ku ntchito ya manja, koma mwa mtundu wina. Hedi sachotsa: amamasula paipi yolowetsa mpweya, kuzunguza injini mpaka mavalavu a silinda imodzi atatsekeka, n'kupopera ndi mpweya wamphamvu makoko operapera a mtedza wa walnut. Makokowa amathyola mwaye koma sakanda chitsulo, ndipo makina ena amayamwa zinyalalazo nthawi yomweyo. Opanga magalimoto nawonso anakonza mbali yawo: mu 2005 Toyota anatulutsa njira ya D-4S, yokhala ndi majekita awiri pa silinda iliyonse, lina mkati ndipo lina m'njira ya mpweya, kuti valavu izitsukidwanso ndi petulo. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan abweretsa injini za mitundu yonseyi m'magalaja a ku Malawi ndi Zambia.