Mlandu wa Ana a ku Soweto

Mayeso ndi pangano la pakati pa mwana wasukulu ndi boma. Mwana amalonjeza kulimbikira maphunziro, ndipo boma limalonjeza kumphunzitsa bwino ndi kumuyesa mwachilungamo. Mwana akalephera chifukwa cha ulesi, mlandu ndi wake. Koma nanga akalephera chifukwa choti akuluakulu adamtchera msampha, mlanduwo ukhala wa yani? Ndipo akadandaula, iwo n'kumuyankha ndi mfuti, adzaweruza ndani? Mafunso awa adabuka m'dziko la South Africa m'chaka cha 1976, mu mzinda wa anthu akuda wa Soweto, kufupi ndi Johannesburg, kuja makolo athu ankakutcha ku Joni.

Gwero la nkhaniyi lili m'chaka cha 1948, pamene chipani cha National Party chidatenga boma ndi kukhazikitsa ulamuliro wa tsankho. M'chaka cha 1953 bomalo lidapanga lamulo lotchedwa Bantu Education Act, limene lidachotsa sukulu zambiri za anthu akuda m'manja mwa amishoni. Nduna imene idatsogolera lamulolo, Hendrik Verwoerd, siidabise cholinga chake. Idanena poyera kuti mwana wakuda sayenera kuphunzira zinthu zimene sadzaloledwa kuzigwiritsa ntchito m'dziko la Azungu. Tsankholo linkaonekera ngakhale pa ndalama. Cha m'ma 1975 boma linkawononga ndalama zokwana R644 pachaka pa mwana mmodzi wa Mzungu, pamene pa mwana wakuda linkawononga R42 yokha. Mwana wa Mzungu ankaphunzira mwaulere, koma kholo lakuda, losauka kale, linkadzigulira lokha mabuku.

Pamwamba pa mtolo umenewu boma lidasanjikiza wina. M'chaka cha 1974 unduna wa maphunziro a anthu akuda, umene nduna yake idali M.C. Botha, udalamula kuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro agawidwe pakati pa Chingerezi ndi Chiafrikaans, chiyankhulo cha Mabunu. Masamu ndi maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, monga mbiri yakale ndi jogalafe, adayenera kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, pamene sayansi ndi ntchito zamanja zidatsalira m'Chingerezi. Wachiwiri kwa nduna, Punt Janson, adavomera mosachita manyazi kuti sadafunse maganizo a anthu akuda pa nkhaniyi, ndiponso kuti sadzawafunsa.

Kuti timvetse kulemera kwa lamuloli, tiganizire mwana amene wayamba sukulu m'chiyankhulo cha makolo ake, monga Chizulu kapena Chisotho. Wavutika zaka zingapo kuti agwire Chingerezi. Tsopano akumuuza kuti masamu, amene ndi ovuta kale, awaphunzire m'chiyankhulo chachitatu chimene ngakhale mphunzitsi wake sachidziwa bwino. Aliyense amene adaimapo kutsogolo kwa kalasi akudziwa nkhope ya mwana amene akumva mawu koma osamva tanthauzo. Ana ambiri amene ankakhoza bwino adayamba kubwerera m'mbuyo. Komanso m'chaka cha 1976 boma lidathetsa Sitandade 6, kotero kuti magulu awiri a ana adalowa Folomu 1 nthawi imodzi, m'zipinda zimene zidali zodzaza kale. Kulephera mayeso sikudali nkhani yamasewera. Mwana wakuda akakwanitsa zaka 16 ankayenera kuyenda ndi chitupa, ndipo wosiyira sukulu panjira ankangoyembekeza ntchito yakalavulagaga moyo wake wonse.

Tisaganize kuti ana adathamangira kumsewu. Poyamba akuluakulu adayesa njira zonse zaulemu. Bungwe la aphunzitsi akuda lidadandaula ku unduna. Makomiti oyang'anira sukulu adalemba makalata. Mu Febuluwale 1976 mamembala awiri a komiti ya sukulu za Atswana ku Meadowlands adachotsedwa chifukwa chokana lamulolo, ndipo anzawo adatula pansi maudindo pogwirizana nawo. Mu Meyi chaka chomwecho Desmond Tutu, amene panthawiyo adali mkulu wa tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Johannesburg, adalembera kalata nduna yaikulu, John Vorster, kuichenjeza kuti magazi adzakhetsedwa ngati zinthu sizisintha. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Vorster adauona uphunguwo ngati nkhambakamwa za ndale. Andries Treurnicht, amene adakhala wachiwiri kwa nduna kumayambiriro kwa chakacho, adaumirira kuti popeza boma ndilo likumanga sukulu, ndilonso liyenera kusankha chiyankhulo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pofika mwezi wa Meyi, ana a pa sukulu ya Orlando West Junior Secondary, imene imatchedwanso Phefeni, adali atanyanyala maphunziro, ndipo sukulu zina zidatsatira. Pa 8 Juni apolisi adapita ku Naledi High kukafuna mnyamata wina, koma ana adawatchingira ndi kutentha galimoto yawo. Mayeso a pakati pa chaka adali atayandikira. Pa 13 Juni nthumwi za sukulu zosiyanasiyana zidakumana mu holo ina ku Orlando East, ndipo zidasankha komiti yotsogozedwa ndi Tsietsi Mashinini wa pa Morris Isaacson High. Adagwirizana zoyenda ndawala yamtendere Lachitatu, pa 16 Juni, kupita ku bwalo la masewera la Orlando. Makolo ambiri sadauzidwe, poopa kuti angawaletse kapena kuti mphekesera ingafike kupolisi.

M'mawa wa tsikulo kudazizira, pakuti Juni ndi nyengo yachisanu kumeneko monganso kwathu kuno. Ana oposa 10,000, atavala yunifolomu, adatuluka m'sukulu zawo akuimba, atanyamula zikwangwani za makatoni zokana Chiafrikaans. Atafika ku Orlando West, pafupi ndi msewu wa Vilakazi, adakumana ndi kagulu ka apolisi kotsogozedwa ndi Colonel Kleingeld. Apolisiwo adaponya utsi wokhetsa misozi ndi kumasula galu, koma ana adamupha galuyo. Miyala idayamba kuuluka, ndipo apolisi adawombera zipolopolo zenizeni pakati pa chinamtindi cha ana. Mwa oyamba kuwomberedwa mudali Hastings Ndlovu, wa zaka 15, ndi Hector Pieterson, wa zaka 12. Mnyamata wina, Mbuyisa Makhubo, adanyamula Hector nathamanga naye, mlongo wake wa Hector akulira pambali pake. Mtolankhani wa nyuzipepala ya The World, Sam Nzima, adajambula chithunzi cha atatuwo, ndipo m'masiku owerengeka chidafika m'maiko onse.

Mbiri siikondera, choncho tiyeneranso kunena zimene mkwiyo wa ana udachita. Maofesi a boma, malo ogulitsira mowa ndi magalimoto zidatenthedwa. Dr Melville Edelstein, Mzungu amene adagwira ntchito yothandiza anthu a ku Soweto zaka zambiri, adaphedwa ndi gulu la anthu tsiku lomwelo. Imfa yake idali yosayenera monga momwe idalili ya Hector. Moto ukabuka patchire susankha udzu. Komabe tisaiwale amene adakhwatchitsa machesi, ndiponso kuti mbali imodzi idali ndi miyala ndi zivundikiro za migolo ya zinyalala, pamene inayo idali ndi mfuti.

Chipwirikiti chidafalikira ku Alexandra ndi mizinda ina, ndipo mu Ogasiti chidafika ku Langa, Nyanga ndi Gugulethu, kufupi ndi Cape Town. Pa 19 Juni nthambi ya chitetezo ya bungwe la United Nations idadzudzula boma la South Africa. Mu Julayi, pasanathe ndi mwezi womwe, bomalo lidasiya kukakamiza Chiafrikaans. Apa pali phunziro lowawa: chinthu chimene makolo ndi aphunzitsi adachipempha mwaulemu kwa zaka ziwiri nakanidwa, chidatheka m'masabata atatu ana atafa. Chikhala kuti nduna zidamvera mu Meyi, manda ambiri sakadakumbidwa. Koma tsopano nthawi idali itapita. Ana ambiri adanyanyala mayeso a kumapeto kwa chaka, ena adatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndipo zikwi zidathawira ku Botswana, Swaziland ndi Lesotho, kenaka ku Zambia, Tanzania ndi Angola.

Tsopano tifike pa funso lathu lija: adayankha mlanduwu ndani? Nduna ya zachilungamo ndi apolisi, Jimmy Kruger, idateteza apolisi ake ndi kuloza chala anthu amene idati adasokoneza mitu ya ana. Boma lidakhazikitsa kafukufuku, koma lidaupereka m'manja mwa munthu mmodzi yekha, woweruza milandu wamkulu wa chigawo cha Transvaal, Petrus Cillié. Lipoti lake lidatuluka m'chaka cha 1980, patapita zaka pafupifupi zinayi. Lidati kuyambira pa 16 Juni 1976 kufikira kumapeto kwa Febuluwale 1977 anthu 575 adafa, ndipo 451 mwa iwo adaphedwa ndi apolisi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chiwerengero chenicheni chidaposa pamenepa. Lipotilo lidavomera kuti akuluakulu a maphunziro sadasamale madandaulo ndiponso kuti apolisi sadakonzekere, koma silidawapeze apolisiwo olakwa pa kuwombera. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: boma lidadzifufuza lokha, nilidzipeza losalakwa.

Amene adaimirira m'bwalo la milandu adali ana. Atsogoleri 11 a ophunzira, kuphatikizapo Murphy Morobe, Seth Mazibuko ndi mtsikana mmodzi, Sibongile Mkhabela, adazengedwa mlandu woukira boma ku Kempton Park, ndipo adapezeka olakwa m'chaka cha 1979. Mashinini adathawa m'dzikomo, nakamwalira ku Guinea m'chaka cha 1990 osaonanso kwawo. Makhubo, amene tchimo lake lidali kunyamula mwana wovulala, adasautsidwa ndi apolisi mpaka adathawa, ndipo abale ake adamva za iye komaliza ali ku Nigeria m'chaka cha 1978. Nzima adasiya utolankhani nabwerera kumudzi. Nyuzipepala ya The World idatsekedwa pa 19 Okotobala 1977, ndipo mkonzi wake, Percy Qoboza, adamangidwa. Nanga Treurnicht? Iye adakwezedwa: mu 1978 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipani m'chigawo cha Transvaal, ndipo mu 1979 adakhala nduna yathunthu.

Koma mlandu suola. Ulamuliro wa tsankho utatha m'chaka cha 1994, boma la Nelson Mandela lidakhazikitsa bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu. Wapampando wake adali Desmond Tutu yemwe uja amene kalata yake idanyozedwa. Mu Julayi 1996 bungweli lidakhala m'tchalitchi cha Regina Mundi ku Soweto, m'mene ana ankabisala pothawa apolisi, ndipo zipsera za zipolopolo zikuonekabe m'menemo. Kumeneko makolo ndi ana a 1976, amene tsopano adali akuluakulu, adafotokoza zimene adaona ndi maso awo. Lipoti la bungweli, limene lidaperekedwa mu Okotobala 1998, lidapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso, ndipo lidasenzetsa mlanduwo boma lakale lija. Choonadi chidamveka, koma chidadza mochedwa. Vorster, Kruger ndi Treurnicht onse adali atamwalira osaimapo pamaso pa woweruza chifukwa cha imfa za anawo.

Lero malamulo aakulu a South Africa, amene adavomerezedwa mu 1996, amapatsa munthu aliyense ufulu wochita zionetsero mwamtendere wopanda zida, ndiponso ufulu wophunzira m'chiyankhulo chaboma chimene wasankha, ngati kutero n'kotheka. Tsiku la 16 Juni ndi latchuthi lokumbukira achinyamata, ndipo m'chaka cha 2002 adatsekula nyumba yosungiramo mbiri ya Hector Pieterson kufupi ndi pamene adagwera. Kuyambira 1991, pamene bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa lidagamula motero, tsikuli limakumbukiridwa ngati Tsiku la Mwana wa mu Africa, ndipo ifenso kuno ku Malawi timalisunga.

Inu amene mukukonzekera mayeso, ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, ena apolisi, ena oweruza milandu, kapenanso nduna. Mbiri ya Soweto ikuonetsa kuti boma lija lidalakwa katatu. Lidakana kumva pamene anthu ankayankhula mwaulemu, lidawombera pamene ana adatuluka kumsewu, ndipo lidadziweruza lokha pamene magazi adakhetsedwa. Kulakwa koyambako ndiko kudabala kwinako, ndiponso ndiko kudali kosavuta kukupewa, pakuti kumvera sikulira ndalama kapena chipolopolo. Tsiku lina mwana wasukulu adzaima pakhomo la ofesi yanu ndi dandaulo lakuti mayeso ake sadayende mwachilungamo. Musadzamufunse kuti wamutuma ndani. Mudzampatse mpando, mumve zimene akunena, ndipo ngati cholakwa chili kwa inu, mudzachivomere dzuwa lisanalowe.