Za Kudzuka ndi Kugwa kwa Maufumu, ku Babulo ndi Kuno ku Nyanja

Abale a m'mipingo ya ku nyanja, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, liripo funso limene ana amakonda kufunsa pamene muwawerengera buku la Danieli. Amati, Ngati Mulungu anaonetsa aneneri maufumu asanadzuke, nanga za Kalonga anazionetsa yani? Ndipo Angerezi aja anamanga boma pa Fort Johnston, kodi anatumidwa ndi Mulungu? Funso ili si lacibwana ai, pakuti pa mpando umodzi akhalira pamodzi mdzukulu wa iwo amene mudzi wao unatenthedwa, ndi mdzukulu wa iwo amene anautentha, ndipo onse awiri ayembekeza yankho lanu. Cifukwa cace tilongosola mbiri iyi, poyamba ya kutali, pambuyo pace ya kwathu.

Tiyambe ndi Asuri, amene mudzi wao waukuru unali Nineve, pa mtsinje wa Tigris, m'dziko limene lero ndi Iraq. Mwambo wao unali wakuzula mtundu umene anaugonjetsa, ndi kukauika ku dziko lacilendo, kuti usadzukenso. Caka ca 722 Kristu asanabadwe anapasula Samariya, natenga mafuko a kumpoto. Caka ca 701 mfumu yao Sanakeribu anazinga midzi ya Yuda, nalamulira amisiri kuti aseme pa makoma a nyumba yace kugwa kwa Lakisi, ndi andende alikuturuka ndi akatundu ao. Tsono Yesaya, m'caputala 10, ayesa Asuri ndodo ya m'dzanja la Mulungu yakulangira nayo anthu ace. Koma pomwepo anenanso kuti mtima wa mfumuyo sufuna cimene Mulungu afuna, ungofuna kuononga, namfanizira ndi nkhwangwa yodzikuza pamaso pa mwini wace wakutema nayo. Caka ca 612 Amedi ndi Ababulo anatentha Nineve, monga Nahumu ananeneratu. Mudziwo unasanduka zitunda za dothi, kufikira Austen Henry Layard anakumbapo m'zaka za m'ma 1840, natulukira miyala yosemedwa ija.

Babulo analowa m'malo mwace. Yeremiya sanaope kuyesa Nebukadinezara mtumiki wa Mulungu, ndiye yemwe anatentha Kacisi wa ku Yerusalemu caka ca 586. Ndipo m'caputala 25 momwemo anaika malire a zaka 70, kuti zitatha izo Babulo nayenso adzalangidwa.

Pa Koresi, mfumu ya Aperisi, tiimepo pang'ono, pakuti apa nkhani ifika poyera. Iye analowa m'Babulo caka ca 539, nalola Ayuda kubwerera kwao kukamanga Kacisi, monga tiwerenga poyamba pa buku la Ezara. M'buku la Yesaya, potsiriza pa caputala 44 ndi poyamba pa 45, dzina lace lalembedwa, ndipo apatsidwa ulemu wa mbusa ndi wa wodzozedwa. Komatu mneneri abwereza kawiri kuti munthuyo sanamdziwa Yehova. Ophunzira Malembo sabvomerezana za nthawi imene macaputala awa analembedwa. Makolo a Eklesia anati ndi mau a Yesaya wa masiku a Hezekiya, zaka zoposa 150 Koresi asanafike. Ambiri a masiku ano ati ndi mau a mneneri wa m'nthawi ya ukapolo, wolankhula Koresi ali pafupi. Mphunzitsi adziwe zonse ziwiri, kuti asadzidzimuke mwana wa ku sekondale akamfunsa. Koma cimene palibe angacikane ndi ici: caka ca 1879 anthu a Hormuzd Rassam, pokumba m'mabwinja a Babulo, anapeza dongo looca loumbidwa ngati kang'oma, lolembedwa mau a Koresi mwini, ndipo lisungidwa ku British Museum mu London. M'menemo Koresi anena kuti anamsankha ndi Marduk, mulungu wa Ababulo, nadzitama kuti anabweza mafano ku akacisi ao ndi anthu ku midzi yao. Dzina la Yehova mulibemo, ngakhale la Ayuda. Taonani, womasula anthu a Mulungu anapita kumanda alikuyamika fano.

Za fano la m'loto la Nebukadinezara, la golidi, siliva, mkuwa, citsulo ndi dongo, muzidziwa kale. Caputala 8 ca Danieli cinena poyera kuti nkhosa yamphongo ndiyo Amedi ndi Aperisi, ndi tonde ndiye Ahelene. Alexander anagonjetsa Aperisi caka ca 331, nafa m'Babulo caka ca 323 ali wa zaka 32, ndipo akazembe ace anagawana dziko. Ufumu wa citsulo makolo ambiri a Eklesia anauyesa Roma, umene mfumu yace Augusto, polamulira kalembera, inayendetsa Yosefe ndi Mariya kunka ku Betelehemu osadziwa cimene inalikucita.

M'mbiri yonseyi palibe ufumu umodzi umene unayesedwa wolungama cifukwa cakuti unapambana. Mulungu anagwira nao nchito, ndipo pambuyo pace anauweruza pa nchito yomweyo.

Tsono tibwere kwathu. Tinene mosabisa kuti palibe mneneri amene anachula dzina la Kalonga, kapena la Mponda, kapena la Victoria. Ndipo mlaliki wakufuna kupeza Amaravi m'zala za fano lija angosokeretsa nkhosa. Koma sititero kuti Mulungu sanatione. Amosi, m'caputala 9, akumbutsa Aisrayeli kuti Iye amene anawaturutsa m'Aigupto ndiyenso anaturutsa Afilisti ku Kafitori ndi Aaramu ku Kiri, nawalinganiza ndi Akusi a mu Afrika. Ndipo Paulo ku Atene anaphunzitsa kuti nyengo za mitundu yonse ndi malire a pokhala pao anaziikiratu ndi Mulungu. Ulendo wa makolo athu uli m'kati mwa mau amenewo.

Akuru amasimba kuti a Phiri anacokera ku maiko a Aluba, m'dziko la Congo, napeza a Banda atakhala kale kuno. Anapangana motere: ufumu ukhale wa a Phiri, mwa Kalonga wobadwa ku mbumba ya Nyangu, koma za mvula ndi za nthaka zikhale za a Banda, ndi mkazi wamkuru wa Kalonga, ndiye Mwali, acokere kwa iwo. Mzinda wao unali kumwera ca kumadzulo kwa nyanja yathu ino, ku Mankhamba ndi ku Manthimba, kufupi ndi Mtakataka. Pamene Dr Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba anapeza minyanga, zipangizo za mkuwa ndi za citsulo, mikanda ya galasi yambirimbiri, ndi mapale a mbale za ku China. Ndiko kuti malonda a pamenepo anafika kutsidya kwa nyanja ya mchere. Abale a Kalonga anamwazikana nakhazika maufumu ao, Undi kumadzulo, Kaphwiti ndi Lundu ku cigwa ca Shire. Caka ca 1616 Mpwitikizi Gaspar Bocarro, pa ulendo wocokera ku Tete kunka ku Kilwa, anacereza kwa Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi. Ndipo Muzura yemweyo, caka ca 1622, anagonjetsa Lundu mothandizana ndi Apwitikizi. M'zaka zimenezo dzina la Amaravi linaopedwa kufikira ku gombe la Mozambique.

Cinaugwetsa n'ciani? Ufumuwo unaima pa mtulo, makamaka wa minyanga, umene mafumu ang'ono anapereka kwa mkuru wao, iye nawagawira nsaru ndi mikanda. Koma amalonda atayamba kufika m'midzi mwenimweni, mfumu iri yonse inaona kuti ikhoza kugula nsaru ndi mfuti yokha, yosadzera kwa Kalonga. Ndipo minyanga itacepa, anayamba kupereka anthu. Citsulo ndi dongo sizinaphatikizike. Angoni anaoloka Zambezi caka ca 1835, ndipo Ayao, othawa njala ndi nkhondo kwao kum'mawa, anatsikira ku nyanja. Sosola, Kalonga wotsiriza wa ku nyanja kuno, anaphedwa ndi nkhondo ya Ayao m'zaka za m'ma 1860. Pa Mankhamba lero alimapo cimanga; koma mtundu sunathe, ndipo Acewa a maiko atatu amasonkhana caka ndi caka ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, pa mwambo wa Kulamba.

Pamenepo anadzuka mafumu a Ayao: Mponda poturukira Shire, Makanjira ku gombe la kum'mawa, Jalasi pa phiri la Mangochi. Anamanga mizinda yaikuru, nakhala nazo zombo za matanga zooloka nyanja, ndi maulendo ao anafika ku Kilwa ndi minyanga ndi anthu a m'magoli. Apa mphunzitsi acenjere ndi lilime lace. Amosi, m'caputala 1, atsutsa Gaza ndi Turo cifukwa ca kugulitsa midzi yathunthu ya anthu, koma m'caputala 2 atembenukira Israyeli mwini ndi mlandu womwewo. Momwemonso kuno: ogwira anthu analipo Ayao ndi Angoni, ogulitsa abale ao analipo mafumu a Acewa ndi a Anyanja, ogula anali Aluya ndi Aswahili, Apwitikizi ndi Afalansa a minda ya nzimbe pa zisumbu. Cibvumbulutso 18, powerenga malonda a Babulo wophiphiritsa, ciika minyanga ndi matupi a anthu m'mndandanda umodzi. Ndipo mndandanda umenewo unadziwika bwino pa dooko la kwa Mponda. Mwana wa Ciyao asaturuke m'sukulu yanu atasenza yekha katundu wa mitundu yonseyi.

Nanga Angerezi? Dziko linalowa m'manja mwao caka ca 1891, ndipo Harry Johnston anamanga linga pandunji pa mudzi wa Mponda, ndi asilikari Asikh ocokera ku India. Sanapambane msanga ai. Captain Maguire anaphedwa mu December 1891 pofuna kuononga zombo za Makanjira. Caka ca 1892 Jalasi anapitikitsa nkhondo yao nalanda mzinga. Ndipo phiri la Mangochi linagwa caka ca 1895. Magoli anatha, ndipo m'menemo tiyamika Mulungu ndi mtima wonse, monga Ayuda anayamika pa lamulo la Koresi. Koma Johnston sanadzere cifundo cokha; anadzera dziko, kuti Apwitikizi ndi Ajeremani asalitenge, ndipo a mishoni ena anapempha okha boma la kwao kuti lidze. Pambuyo pa magoli panadza msonkho wa nyumba, ndi kutenthedwa kwa nyumba za osakhoma. Panadza thangata m'minda ya azungu, ndi mtengatenga wa nkhondo ya 1914, m'mene amuna ambiri anafera pa njira atasenza akatundu a nkhondo ya eni. Nkhwangwa iyinso inadzikuza. Pa 6 July 1964 mbendera yao inatsitsidwa, ndipo pambuyo pace dzina la Fort Johnston linafafanizidwa, boma nkukhala Mangochi, dzina la phiri la Jalasi. Nsanja ya koloko imene anamangira Mfumukazi Victoria caka ca 1903 iri ciimire pafupi ndi mlatho, pamodzi ndi mzinga wa sitima ya Guendolen, ndipo ana amaseweretsapo.

Tamva ena alikuwerengera kuti kuyambira 1891 kufikira 1964 ndi zaka 73, nati, Si zaka 70 za Yeremiya izi? Abale, lekani masamu otere. Yeremiya ananena za Babulo ndi Yuda, ndipo wotambasula cingwe ca mneneri kuti cifike pamene afuna iye, mawa adzacitambasulira pa mfumu imene aikonda kapena kuida.

Catsala cinthu cimodzi ca m'loto lija, ndico mwala wosemedwa popanda manja, umene unayamba waung'ono. David Livingstone anaona nyanja ino mu September 1859, nacereza kwa Mponda caka ca 1866. Pa 12 October 1875 sitima yaing'ono ya Ilala, ndi E. D. Young ndi Dr Robert Laws, inalowa m'nyanja, ndipo amene anawaloleza kukhala ku Cape Maclear ndiye Mponda, mwini malonda a akapolo. Nayenso sanadziwa cimene analikutsegulira khomo. Ansembe a White Fathers anakhala m'mudzi mwace kuyambira 1889 kufikira 1891, nacoka manja ali lende. A U.M.C.A. anakhazika mishoni kwa Mponda caka ca 1896, ndipo pomwepo analumikiza sitima ya Chauncy Maples, imene inayandama caka ca 1901 niyendera midzi ya m'gombe ndi aphunzitsi.

Ku Cape Maclear nchito inaoneka ngati yolephera. Malungo anatha anthu, Dr William Black namwalira caka ca 1877, ndipo manda a amishoniwo alipo kufikira lero patsinde pa phiri, kufupi ndi mudzi wa Chembe. Zitapita zaka zisanu ndi miyezi, wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, pa 27 March 1881. Caka comweco Dr Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe. Masiku amenewo Makanjira anali ndi zombo zace, Mponda ndi mfuti zace, ndi Jalasi ndi phiri lace. Ndipo Namalambe anatsala pa gombe paja ndi sukulu, ndi ana owerengeka, nawaphunzitsa kuwerenga.