Ziro ziwiri zimene zinaopsa dziko

Kumapeto kwa 1999, mawayilesi ndi manyuzipepala a Cipwitikizi ankachula kawirikawiri mau akuti "bug do milénio". Kwa munthu wa ku Matundo amene sanakhudzepo kompyuta, mauwa ankamveka ngati dzina la mliri.

Gwero lake linali laling'ono. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, malo osungira zinthu mu kompyuta anali ocepa ndiponso odula. Motero akatswiri ankalemba caka ndi manambala awiri okha: 1975 inkakhala 75, monga mphunzitsi amafupikitsira deti pa bolodi. Funso linali lakuti, 99 ikatha n'kubwera 00, kodi makina sadzayesa kuti ndi 1900? Mwana wobadwa mu 1992 akanapezeka kuti sanabadwe, ndipo ciwongoladzanja ca ku banki cikanasokonekera.

Anthu anaopa kuti ndege zigwa, ndalama zisowa m'mabanki, magetsi azima. Nkhani ya magetsi inali yapafupi m'cigawo cino, popeza damu la Cahora Bassa limatumiza mphamvu mpaka ku South Africa. Maboma ndi makampani padziko lonse anawononga madola pafupifupi 300 biliyoni kukonza mapulogalamu.

Kwina mantha a caka ca 2000 anasakanikirana ndi maulosi a kutha kwa dziko. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, gulu lina lacipembedzo linalosera cimaliziro pa 31 Disembala 1999. Ulosiwo utalephera, anthu oposa 500 anafera m'moto m'calichi cao pa 17 Malichi 2000.

Pa 1 Januwale kunaca ngati masiku onse. Zolakwika zimene zinaoneka zinali zazing'ono, cifukwa nchito yokonza inali itacitika kale. Tsoka lenileni la Mozambique linadza ndi madzi: mu Febuluwale ndi Malichi, kusefukira kwa mitsinje ya Limpopo ndi Save pamodzi ndi namondwe Eline kunapha anthu pafupifupi 700.

Pulojekiti ya PEBIMO, imene inayesa kuphunzitsa m'Cinyanja ndi Cipwitikizi kuno ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, inali itaonetsa kale kuti mwana amamva msanga m'cinenero ca kwao. Vuto la ziro ziwiri ndi samu yocotsera imene wa kalasi yacitatu angaithe pa bolodi. Linakula cifukwa linafika kwa ambiri ngati dzina lacilendo lopanda womasulira.