Phiri la Michesi

Michesi ndi phiri lomwe lili pafupi ndi boma la Phalombe, kumpoto kwa phiri la Mulanje. Mapiri awiriwa amasiyana pampata wa Fort Lister, pomwe atsamunda adamanga linga mu 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo.

Kwa Alhomwe ndi Amang'anja okhala m'tsinde mwake, phirili ndi mudzi wa mizimu ya makolo. Akuluakulu amati wokwera angapeze chakudya chophikaphika m'nkhalango. Adye yekha mwakachetechete, osaitana mnzake, osatengako kunyumba. Wonyoza mwambo amasowa. Wina angati n'zoopsezera ana chabe, komatu mantha otere ankatchinjiriza mitengo ndi akasupe kuposa alonda a boma.

Mu Malichi 1991 madzi osefukira ndi miyala zidatsika m'phirili n'kupha anthu mazanamazana. Ambiri adati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri.

Kulemekeza phiri motere sikwachilendo: mafumu a Aaziteki a ku Mexico ankakwera phiri la Tlaloc chaka chilichonse kukapereka nsembe zopempha mvula. Kuno kwathu, mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo achikhalidwe ofunika padziko lonse.