Anyamata 40 a ku Buta Amene Anakana Kupatukana

Tikamva za amaritiri a mu Africa, ambirife maganizo amathamangira ku Namugongo, kwa Charles Lwanga ndi anzake amene anatenthedwa pa 3 Juni 1886. Timawadziwa bwino chifukwa matchalitchi, makwaya ndi magulu a achinyamata ambiri kuno kwathu amatchedwa maina awo. Koma pali anyamata ena, a m'badwo wa makolo athu, amene mbiri yawo siimveka kawirikawiri pa guwa. Iwowa anali ophunzira a pa seminale yaing'ono ya Buta, mu dayosizi ya Bururi, kum'mwera kwa dziko la Burundi. Inali sukulu yofanana ndi ya Nankhunda kapena ya Mlale: anyamata ogonera konko, belu la m'mawa, Misa, makalasi ndi mpira madzulo. Pa 30 Epulo 1997, anyamata 40 a pa sukuluyi anaphedwa m'chipinda chawo chogona. Palibe amene anawauza kuti akane Khristu. Anangouzidwa kuti aime m'magulu awiri, ndipo iwo anakana.

Kuti timvetse kulemera kwa kukanako, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ku Burundi kuli Ahutu, amene ndi ochuluka kwambiri, Atutsi, ndi Atwa amene ndi ochepa zedi. Chodabwitsa n'chakuti onsewa amayankhula chiyankhulo chimodzi cha Kirundi, amakhala pa mapiri amodzimodzi, amakwatirana, ndipo ambiri mwa iwo ndi Akatolika obatizidwa m'matchalitchi amodzi. Kusiyana kunalipo kuyambira kale m'nthawi ya mafumu, koma atsamunda, poyamba Ajeremani kenako a ku Belgium, anakuumitsa pokondera mbali imodzi pa maphunziro ndi pa maudindo. Dzikoli litalandira ufulu pa 1 Julayi 1962, mphamvu za boma ndi za usilikali zinatsalira m'manja mwa kagulu ka Atutsi.

Chaka cha 1972 ndicho chinasiya bala lalikulu. Pa 29 Epulo chaka chimenecho, zigawenga za Chihutu zinaukira kum'mwera, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, n'kupha Atutsi ambiri. Boma la Michel Micombero linabwezera mwankhanza yosaneneka. Asilikali anasakasaka makamaka Ahutu ophunzira: aphunzitsi, ansembe, anamwino, ngakhale ana a sukulu za sekondale amene ankachita kuwatulutsa m'makalasi. Owerengera ambiri amati anthu oposa 100,000 anaphedwa m'miyezi yochepa. Mmodzi mwa iwo anali wansembe wolemba mabuku, Bambo Michel Kayoya, amene anaphedwa ku Gitega mu Meyi 1972. Amene anamuona m'ndende anachitira umboni kuti ankalimbikitsa akaidi anzake kupemphera ndi kukhululukira omwe ankawapha. Pambuyo pake kunagwa chete. Mabanja sanaloledwe ngakhale kulira maliro poyera, ndipo ana amasiye anakula ndi mkwiyo umene unalibe kotulukira.

Mu Juni 1993 anthu anavota mwaufulu n'kusankha Melchior Ndadaye, Mhutu woyamba kukhala pulezidenti. Sanathe ngakhale miyezi inayi pa mpando. Pa 21 Okutobala 1993 asilikali anamupha, ndipo dziko lonse linayaka moto. M'midzi Ahutu anaukira Atutsi oyandikana nawo, asilikali nawo anabwezera pa Ahutu wamba. Wolowa m'malo mwake, Cyprien Ntaryamira, anafera m'ndege imodzi ndi pulezidenti wa Rwanda pa 6 Epulo 1994. Ngakhale Eklezia sanasiyidwe: Ambuye Joachim Ruhuna, Arkiepiskopi wa Gitega, amene ankadzudzula kuphana kwa mbali zonse ziwiri, anaphedwa pa msewu pa 9 Seputembala 1996.

Chimene chiyenera kutikhudza ife achinyamata n'chakuti sukulu ndizo zinali malo oopsa koposa. Ku Kibimba, pa tsiku lomwe Ndadaye anaphedwa, ophunzira a Chitutsi anatsekeredwa m'nyumba n'kutenthedwa. Mu Juni 1995, pa yunivesite ya ku Bujumbura, ophunzira a Chihutu anaphedwa m'malo awo ogona, ndipo anzawo a m'kalasi anatengapo mbali. M'sukulu zambiri zogonera konko ana ankagona mosinthana, mtundu uliwonse ukulondera unzake. Mwana ankadziwa bwino lomwe kuti amene akudya naye mbale imodzi masana akhoza kumuloza chala usiku.

Mkulu wa seminale ya Buta panthawiyo anali Bambo Zacharie Bukuru. Anyamata ake sanali angelo. Ankachokera m'midzi yomweyo imene inkapsa, ena abambo awo anaphedwa ndi asilikali, ena amayi awo anaphedwa ndi zigawenga, ndipo akabwera kuchokera ku tchuthi ankabwera ndi nkhani zowawa ndi mantha. Njira yapafupi inali kuletsa kuti mawu oti Mhutu kapena Mtutsi asatchulidwe n'komwe pa sukulupo. Aphunzitsi ambiri akanachita zimenezo, ndipo ifenso m'magulu athu timakonda kutero: nkhani ikavuta timati tisaikambe, tingoimba nyimbo. Bambo Bukuru anasankha njira yovuta. Ankasonkhanitsa anyamata onse kuti amve nkhani za dziko lawo pamodzi, osati m'timagulu tonong'onezana kuseri kwa nyumba, ndipo kenako ankawalola kuyankhula poyera zimene zinali m'mitima mwawo, ngakhale zinali zopweteka kumva. Mphekesera ikabuka inkabweretsedwa pagulu kuti iunikidwe. Mnyamata amene anakula akumva mbiri ya 1972 yokha anamva za mnzake amene banja lake linatha mu 1993, ndipo winayo nayenso anamva zimene kwawo sankamuuza.

Pambali pa kukambirana panali zinthu zooneka zazing'ono: magule a makolo ovinira pamodzi, masewero, ntchito za manja, chakudya, ndi pemphero la tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kwa zaka zoposa zitatu, pamene sukulu zina zinkatsekedwa kapena kugawikana, ya Buta inapitirira ndi Ahutu ndi Atutsi ogona m'chipinda chimodzi. Ena akunja sanakondwere nazo. Kwa munthu amene akufuna kuti nkhondo ipitirire, palibe chomunyansa ngati kuona ana a mbali ziwirizo akugawana sopo ndi mabuku, chifukwa zimenezo zimatsutsa chiphunzitso chake chonse popanda mawu.

Kumapeto kwa Epulo 1997 anyamatawa anali atangomaliza m'bindikiro wa nyengo ya Pasaka. M'bandakucha wa pa 30, kukali chisisira, gulu lalikulu la zigawenga za Chihutu za CNDD linafika pa seminale. Analowa m'chipinda chogona cha anyamata a makalasi akuluakulu n'kulamula kuti Ahutu apite mbali imodzi, Atutsi mbali ina. Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo lake. Kwa mnyamata wa Chihutu, masitepe ochepa chabe akanamupulumutsa, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Lamulolo linabwerezedwa, koma anyamatawo anakhalabe pamodzi, ena atagwirana manja. Pamenepo zigawengazo zinayamba kuwombera mosasankha ndi kuponya mabomba a m'manja. Anafa 40, Ahutu ndi Atutsi, ndipo ena ambiri anavulala koopsa.

Opulumuka anasimba zinthu ziwiri zimene Bambo Bukuru, amene anali pomwepo ndipo anapulumuka, anadzazilemba m'buku. Choyamba, amene anali ndi mphamvu pang'ono ankamanga mabala a anzawo ndi kuwanyamula osafunsa mtundu, ndipo ena anawomberedwa ali pa ntchito imeneyo. Chachiwiri, pakati pa kubuula panamveka mawu a anyamata akuimba masalimo ndi kupempha Mulungu kuti akhululukire amene ankawapha, monga anachitira Ambuye pa mtanda.

Ife tikuona kuti zinthu ziwirizi sizolingana, ndipo si bwino kuzisakaniza mofulumira. Kukana kusiya mnzako ndi chipatso cha ubale. Munthu amene wadya nawe, wavina nawe, wakuuza za imfa ya mayi ake, amasanduka fupa lako, ndipo kumupereka kumakhala ngati kudzidula chiwalo. Zimenezi ngakhale munthu wosapemphera akhoza kuzimvetsa. Ndipotu milungu isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, pa 18 Malichi 1997, ophunzira a pa sekondale ya Nyange ku Rwanda anachitanso chimodzimodzi pamene zigawenga zinawalamula kuti apatukane, ndipo ena mwa iwo anaphedwa. Koma kupempherera munthu amene wakuloza mfuti ndi chinthu china. Iye sunadye naye, sukumudziwa, ndipo sanapepese. Lamulo la pa Mateyo 5:44 timaliwerenga chaka ndi chaka, ndipo kunena zoona ambirife timalimva ngati mawu okoma oyenera oyera a m'zithunzi. Ku Buta linatsatidwa ndi anyamata a sekondale amene magazi anali kutuluka m'matupi mwawo. Sitikukhulupirira kuti mtima wotere unabadwa m'mawa umenewo. Amene waphunzira kwa zaka zitatu kumvetsera mnzake wa mtundu umene kwawo ankautcha mdani, n'kupeza kuti nayenso ndi mwana wa munthu wolira, amafika pozindikira kuti ngakhale wa mfutiyo ali ndi mbiri yake. N'kutheka kuti pakati pa owomberawo panali ana amasiye a 1972.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa nkhani ya chikhululukiro imatha kugwiritsidwa ntchito molakwika. Kukhululuka kwa anyamata aja sikunafafanize mlandu wa amene anawapha, monganso kuipa kwa zigawenga sikunayeretse asilikali a boma amene m'zaka zomwezo ankapha anthu wamba ndi kuwakusira m'misasa. Nkhondo inapitirira. Julius Nyerere anayesa kuyanjanitsa mbali zonse mpaka imfa yake mu 1999, Nelson Mandela anapitiriza, ndipo pangano la mtendere linasainidwa ku Arusha pa 28 Ogasiti 2000. Ngakhale zinali choncho mfuti sizinaleke msanga: kazembe wa Apapa ku Burundi, Ambuye Michael Courtney, anawomberedwa pa 29 Disembala 2003. Akuti nkhondo yonseyo inatenga miyoyo pafupifupi 300,000. Mu 2005 chipani cha CNDD-FDD, chimene chinaphuka kuchokera ku gulu lomwe lija, chinapambana chisankho n'kulowa m'boma. Tangoganizani za mayi amene mwana wake wagona ku Buta, akumva dzina limenelo pa wailesi tsiku lililonse. Kwa mayi wotere kukonda mdani ndi mtanda wa zaka zambiri, wolemera mwina kuposa wa mwana wake amene anausenza m'mawa umodzi.

Anyamata 40 aja anaikidwa pamalo amodzi pafupi ndi seminale, manda awo atandandalikana popanda kusiyanitsa mtundu. Mu 1998 pamalopo panadalitsidwa tchalitchi la Maria Mfumukazi ya Mtendere, ndipo anthu anayamba kupitako pa maulendo a chipembedzo, makamaka pa 30 Epulo. Seminale inatsegulidwanso. Bambo Bukuru anadzalowa moyo wa chimonke n'kukhazikitsa nyumba ya amonke pafupi ndi manda a ophunzira ake. Ku Burundi anyamatawa amatchedwa amaritiri a ubale. Mu Juni 2019 dayosizi ya Bururi inatsegula kafukufuku wofuna kuti Eklezia awatchule Odala, pamodzi ndi Bambo Michel Kayoya ndiponso amishonale atatu a ku Italy, Bambo Ottorino Maule, Bambo Aldo Marchiol ndi mayi Catina Gubert, amene anaphedwa ku Buyengero pa 30 Seputembala 1995. Onse pamodzi alipo 44, ndipo pa mndandandawo pali ophedwa ndi asilikali ndi ophedwa ndi zigawenga.

Burundi si kutali monga timaganizira. Msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa unayamba kulandira othawa kwawo mu 1994, ndipo pakati pa okhala kumeneko pali mabanja ambiri ochokera ku Burundi. Ena mwa iwo timakumana nawo m'misika ya ku Lilongwe, ndipo dzina limene anthu amawaitanira mumsewu, la Maburundi, nthawi zambiri silitchulidwa mwaulemu. Ambiri ndi Akatolika anzathu, ndipo akulu ena pakati pawo anali a msinkhu wa sekondale m'chaka cha 1997.