Ana adziwe onse amene adabala kompyuta

Ana akamva za Bletchley Park, malo a ku England kumene ankamasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kawirikawiri amamva dzina limodzi lokha, la Alan Turing. Kanema wa 2014, The Imitation Game, adakhomerera maganizo amenewa. Turing adalidi katakwe, koma kuuza ana kuti ntchito yonse adaisenza yekha n'kuwamana mbiri yeniyeni, ndipo mwana amangoti luso lotere n'la obadwa nalo.

Oyamba kutulukira chinsinsi cha makina a Enigma, omwe asilikali a Germany ankabisira mauthenga awo, anali akatswiri a masamu a ku Poland. Marian Rejewski adazindikira momwe mawaya a m'kati mwake adalumikizidwira mu 1932, ndipo mu Julaye 1939, nkhondo itangotsala pang'ono kubuka, Apolishiwo adaulula zonse kwa anzawo a ku Britain ndi France. Pa maziko amenewa, Turing ndi Gordon Welchman adakonza makina otchedwa Bombe, othandiza kumasula mauthenga a Enigma, mu 1940. Chimene chidawathandiza ngakhale mwana wa sitandade 6 angachimvetse: Enigma sinkatha kubisa chilembo ndi chilembo chomwecho, A sankatuluka ali A. Tsono munthu akaganiza kuti uthenga wa m'mawa ukunena zanyengo, ankalemba mawuwo kunsi kwa uthenga wobisikawo n'kumawasuntha chilembo chimodzichimodzi. Pomwe zilembo ziwiri zofanana zakumana, ankadziwa kuti mawuwo sali pamenepo. Gawo limeneli linkangofuna pensulo ndi pepala.

Colossus, kompyuta yamagetsi ya ku Bletchley, sadaipangire Enigma ayi, koma makina a Lorenz omwe Hitler ankalumikizirana ndi akuluakulu a nkhondo. Bill Tutte adatulukira kapangidwe ka Lorenz asanawaone n'komwe makinawo. Amene adamanga Colossus ndi Tommy Flowers, injiniya wa matelefoni, mwana wa mmisiri womanga nyumba, yemwe ambiri ankamukayikira. Idayamba ntchito mu Febuluwale 1944, ikuwerenga zilembo 5,000 pa sekondi kuchokera pa tepi ya pepala yobooledwa. Ndipo mwa anthu pafupifupi 9,000 amene ankagwira ntchito ku Bletchley mu 1945, atatu mwa anayi alionse anali akazi. Atsikana ayenera kuimva mfundo imeneyi m'kalasi.

Ena amati Colossus sinali kompyuta yeniyeni chifukwa sinkasunga pulogalamu m'kati mwake. N'zoona, ndipo yoyamba kutero idagwira ntchito ku Manchester mu 1948. Komatu Max Newman, amene ankayang'anira Colossus, n'kuti ali komweko ku Manchester, Turing nayenso adapita chaka chomwecho. Chidabisa ubale umenewu ndi lumbiro: ogwira ntchito ku Bletchley adakhala chete mpaka zaka za m'ma 1970, pomwe mbiri ya kompyuta ya ku America yotchedwa ENIAC idali itawanda kale kuyambira 1946.

Nkhawa yolemera ndi ya makolo oti nkhani za nkhondo si za ana. Ndikuimva, ndipo imfa za anthu mamiliyoni si zoseweretsa. Koma chimene mwana amatola pano n'kudekha, kufufuza polakwika ndi kugwira ntchito ndi anzake. Aphunzitsi, musadikire magetsi kapena makompyuta: gawani kalasi pawiri, ena abise uthenga posuntha zilembo, ena aumasule, kenako muwatchulire Rejewski, Tutte ndi Flowers pamodzi ndi Turing.